Fungo la petulo likabwerera m'madzi osefa ndi makala

Dandaulo la anthu osefa madzi ndi makala ndi limodzi, kaya ku Senga Bay, ku Chipoka kapena ku Chia. Sefa ya makala itangoikidwa madzi ankakoma, fungo la petulo kapena la palafini linatheratu, koma patangopita milungu yochepa labwerera, mwinanso kuposa kale. Ena amati anawagulitsa makala achabechabe. Ena amatsuka makalawo, kuwayanika padzuwa n'kuwabwezera mu ndowa, mawa lake fungo lili pompo. Nthawi zambiri sefayo sinawonongeke ayi, yangokhuta. Komabe musanathamangire kukagula makala ena pali zoti mufufuze, chifukwa makala atsopano mukawaika pa vuto lakale amakhutanso msanga ngati oyamba aja.

Zimene zimachitika m'kati mwa khala

Mu petulo muli zinthu zambirimbiri, koma zimene zimasungunuka m'madzi kuposa zinzake ndi za banja limodzi: benzene, toluene ndi xylene. Mbale wawo wina ndi phenol, amene amapezeka mu utsi wa nkhuni komanso mu phula lakuda lonunkha lija amapaka mitengo kuti chiswe chisadye. Onsewa mapangidwe awo ndi amodzi, maatomu 6 a kaboni ogwirana m'bwalo losalala. Makoma a timabowo ta m'makala nawonso ndi omangidwa ndi mabwalo omwewo, ndiye benzene akalowa m'kabowo amagona chafufumimba pakhoma n'kumamatira, popeza kumeneko amagwirizana nako kuposa m'madzi. Nzeruyi si yatsopano. Mu 1785 Tobias Lowitz, ku St Petersburg, anaona kale kuti makala amachotsa mtundu m'zamadzimadzi.

Mphamvu yonse yagona pa kukula kwa makomawo. Galamu imodzi ya activated carbon wabwino, makala okonzedwa kufakitale aja, imakhala ndi makoma a m'kati okwana pafupifupi masikweya mita 1,000. Magalamu 4 okha ndiye kuti ekala yathunthu. N'zambiri ndithu, koma zili ndi malire. Irving Langmuir analongosola mu 1918 kuti malo omatirapo ali ndi chiwerengero chake, ndipo akadzaza basi, chobwera pambuyo chimangodutsa.

Palinso mfundo ina imene ambiri saidziwa, ndipo ndi yomwe imayankha funso loti fungo lingakule bwanji kuposa kale. Makala saphwanya mankhwalawa, amangowagwira, ndipo kugwirako si kwamuyaya. Amasunga molingana ndi kuchuluka kwa mankhwala m'madzi amene akudutsa nthawi imeneyo. Akakhuta ndi madzi oipa kwambiri, inu n'kudzathira madzi abwino, makalawo amayamba kubweza zomwe anagwira. Mwina mwasiya chitsime choipa chija, mukutunga kumjigo wabwino, koma madzi akutuluka m'sefa akununkha. Pamenepo sefayo ndiyo yasanduka gwero la fungo.

Yambani ndi kumene fungo likuchokera

Tengani mabotolo 3 a galasi otsukidwa bwino, a Fanta kapena a Coca-Cola ali bwino. Loyamba thirani madzi a pagwero penipeni, kaya ndi mjigo, chitsime, mpopi kapena nyanja. Lachiwiri thirani a m'chigubu kapena m'thanki momwe mumasungira. Lachitatu a pakamwa pa sefa. Lililonse lifike theka lokha. Tsekani, siyani pamthunzi kwa ola limodzi, khutchumulani, ndipo anunkhize munthu amene sanagwire mafuta tsiku limenelo. Mphuno ya woyendetsa boti kapena wa pachigayo inazolowera, singathandize.

Botolo loyamba likakhala labwino koma lachiwiri n'kumanunkha, wolakwa ndi chosungiramo. Ili ndilo vuto lofala kwambiri kuno kunyanja. Mafuta akasowa, zigubu za malita 20 zija zimakagona pamzere pamalo omwetsera mafuta, zina zimanyamula petulo wosakaniza ndi oyilo wa injini za mabwato, kenaka zimabwerera kukhitchini kukatunga madzi. Pulasitiki amamwa petulo m'thupi mwake momwe, n'kumamutulutsa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Sopo, mchenga, phulusa, madzi otentha, zonsezi zimangotsuka pamwamba. Chigubu chimene chinalowapo petulo, dizilo kapena palafini chisabwererenso ku madzi akumwa, ndipo ndi bwino kuchilemba chizindikiro ndi penti kuti mwana wotumidwa kumjigo asachitenge. Migolo ya malita 200 yogulidwa pamsika nayonso muzifunsa kuti munali chiyani, ndipo wogulitsa akamazemba funsolo isiyeni.

Tiwerengere kuti tione kuchepa kwa mafuta ofunika kuti madzi aipe. Bungwe la WHO limati benzene m'madzi akumwa asapitirire mamaikulogalamu 10 pa lita (mamaikulogalamu 1,000 ndiwo miligalamu imodzi). Tiyerekeze kuti petulo ali ndi benzene gawo 1 pa 100, omwe ndi malire a ku Ulaya. Supuni ya tiyi imodzi ya petulo wotere ili ndi benzene wokwana mamiligalamu pafupifupi 44. Mu mgolo wa malita 200, ameneyu wapitirira malire aja maulendo oposa 20. Ngakhale mu thanki ya malita 5,000 wangotsala pang'ono kufika pamalire. Supuni imodzi yokha.

Botolo loyamba lomwelo likamanunkha, yendani mozungulira gwero. Dothi la m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi ku Nkhotakota m'malo ambiri ndi mchenga, madzi apansi ali pafupi, choncho dizilo wodontha pa jenereta, pa chigayo kapena pamalo okonzera njinga zamoto satenga nthawi kufika m'chitsime chosazama. Paipi yakuda ya pulasitiki yodutsa m'dothi lonyowa ndi petulo imalowetsa fungo ngakhale isanabooke paliponse, pa chifukwa chomwe chija cha chigubu. Njira yothetsera vutoli n'kudula chigawo chimenecho ndi kudutsitsa paipi yatsopano kwina, osati kuwonjezera makala. Otunga m'nyanja atalikirane ndi pagombe pokochezera mabwato a injini. Okolola madzi a mvula padenga aone ngati utsi wowambira nsomba umagwera pamalatapo, ndipo madzi oyamba a mvula azitaya. Ngati ndi madzi a pampopi wa Central Region Water Board ndipo anansi nawonso akumva fungolo, kanenani kuofesi yawo tsiku lomwelo, si vuto lothana nalo ndi ndowa ya makala.

Mukaona mafuta akuyandama pamwamba, onyezimira mitundu ya utawaleza, madzi amenewo musawathire m'sefa n'komwe. Mafuta oyandama amakuta makala kunja n'kutseka timabowo tonse tsiku limodzi. Madzi otere si akumwa kapena ophikira.

Fungo lake ndi liti kwenikweni?

Sikuti fungo lililonse ndi la petulo. Tulukani panja, tsanulani madzi kuchoka mu ndowa ina kupita mu inzake muli chiimire, kangapo konse, kenaka nunkhizani. Benzene ndi toluene amauluka mosavuta, benzene amawira pa madigiri 80 okha, choncho fungo lawo limachepa. Phenol sauluka chotero, amawira pa madigiri 182 ndipo amagwirizana kwambiri ndi madzi, ndiye fungo lake limatsala.

Madzi akamamveka ngati mankhwala a kuchipatala, makamaka mutangothira WaterGuard kapena klorini wina, ndiye kuti klorini wakumana ndi phenol n'kupanga mankhwala ena omwe lilime limawamva ngakhale asanakwane maikulogalamu imodzi pa lita. Anthu amaloza chala klorini n'kusiya kuthira, komwe ndi kulakwitsa koopsa m'dera limene kolera amabwera kawirikawiri. Cholakwika ndi dongosolo chabe. Sefani kaye ndi makala kuti phenol achoke, klorini abwere pambuyo, mudikire mphindi 30 musanamwe. Mukathira klorini musanasefe mwataya ndalama, chifukwa makala amamuchotsanso, madzi n'kutuluka opanda chitetezo. Makala sapha tizilombo toyambitsa matenda, ndipo mchere wa m'madzi a mjigo sauchotsa.

Fungo la mazira owola kapena la dambo ndi nkhani ina. Tizilombo taswana m'makala onyowa omwe akhala masiku osadutsamo madzi, zomwe zimachitika msanga m'kutentha kwa kuno. Sefa yogona masiku angapo muyambe mwataya ndowa zoyamba. Fungo likakana kuchoka, makalawo asinthidwe.

Makala ake ndi otani?

Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi, koma ndinene mosabisa: makala a mbaula si activated carbon. Makala a mu uvuni wa dothi amapsa pa moto wa madigiri 400 mpaka 500 kapena kucheperapo, ndipo timabowo tawo tambiri timatsala totsekeka ndi phula. A kufakitale amawadutsitsanso pa madigiri 800 mpaka 1,000 pamodzi ndi nthunzi, imene imatsegula ndi kukumba timabowo tosakwana mananomita 2 (mananomita miliyoni imodzi ndiwo milimita imodzi), momwe benzene amagwidwa zolimba. Njira zoterezi anazilembetsa ndi Raphael Ostrejko mu 1900 ndi 1901. Thumba la makala a mbaula lingathe kugwira zochepa kuposa kilogalamu imodzi ya makala abwino a kufakitale.

Choipa kwambiri ndi makala osapsa. Thyolani khala limodzi. Likakhala lofiirira m'kati, lolemera, kapena lofuka utsi wambiri pa mbaula, ndiye kuti phula likadali momwemo, ndipo m'phula limenelo muli phenol yemwe mukufuna kuchotsayo. Makala otere amawonjezera fungo la utsi m'madzi. Makala oumba aja, omatidwa ndi phala la chinangwa kapena dongo, asalowe m'sefa ngakhale pang'ono.

Ofuna kudzipangira okha angathe kufika pakatikati. Zitsononkho za chimanga kapena timitengo touma, zowotchedwa mu mgolo wobooledwa pansi, moto woyatsira pamwamba n'kumatsika mpaka zonse zitafiira psuu utsi utatha, kenaka n'kuzimitsa ndi madzi, zimapereka makala ogwira bwino kuposa a mu uvuni wa dothi, chifukwa moto wake umakwera kwambiri. Ubwino wina ndi woti simukhudza mtengo wa m'nkhalango yotetezedwa ya Thuma, kumene kuwotcha makala popanda chilolezo ndi mlandu. Mankhusu a mpunga ndi osasowa ku Lifuwu ndi ku Bua, ndipo anthu amafunsa za iwo kawirikawiri, koma pafupifupi gawo 1 pa magawo 5 a kulemera kwawo ndi phulusa la mtundu wa mchenga, motero makala ake amakhala ndi kaboni wochepa. Kwa ine zitsononkho zili patsogolo.

Pogula a kufakitale yang'anani pathumba nambala yolembedwa kuti iodine number. Ya 900 kapena kuposa ndi yabwino pa madzi akumwa. Thumba likakhala lopanda cholembedwa chilichonse, pali kayesedwe kapakhomo. Donthezani jivi, mankhwala apepo opaka pazilonda aja, m'madzi okwana lita imodzi mpaka mtundu uoneke, gawani m'mabotolo, m'botolo lililonse thirani supuni imodzi ya makala osiyanasiyana osinjidwa mofanana, limodzi lisiyeni lopanda makala. Khutchumulani, gonekani usiku. Jivi nayenso ndi wa banja la mabwalo a kaboni lomwe lija, ndiye botolo limene layera kwambiri lili ndi makala amphamvu. Kayesedweka kamangofananitsa makala ndi makala anzake, sikanena kuti madzi anu ndi abwino kumwa. Makala akale a m'sefa yanu muwayesenso pambali pa atsopano, mudzaona nokha kusiyana kwake.

Madzi akuthamanga kwambiri

Makala angakhale abwino, gwero n'kukhala lokonzedwa, fungo n'kumadutsabe chifukwa cha liwiro. Mankhwala amafuna nthawi kuti achoke m'madzi, alowe m'njere ya khala, akafike m'timabowo ta m'katikati. Akatswiri okonza masefa a activated carbon amakonda kupereka mphindi 10 kapena kuposa. Kuwerengera kwake n'kosavuta: ngati makala adzaza malo a malita 10 mu ndowa, madzi asatuluke oposa lita imodzi pa mphindi. Ikani botolo la lita imodzi pampopi wa sefa, yang'anani nthawi pafoni. Likadzaza m'masekondi 20, tsekani mpopi pang'ono mpaka lizitenga mphindi yathunthu. Makala odzipangira amafuna maola, osati mphindi, choncho ndi bwino kuwasiya azidontha usiku wonse mu ndowa yolandirira.

Kukula kwa njere kumasinthanso zinthu. Zibuma zikuluzikulu za makala zimangogwira kunja, madzi amazilambalala. Sinjani zifike mamilimita 1 mpaka 2, sefani ndi sefa ya ufa kuti fumbi lichoke, tsukani mpaka madzi asiye kuda. Musanaike, vikani makala m'madzi tsiku lathunthu. Mudzaona tithovu tikutuluka, umenewo ndi mpweya wa m'timabowo, ndipo kabowo kodzaza mpweya sikagwira kanthu. Phulusa nalonso limachoka pakuvikapo, zomwe n'zofunika pa phenol, chifukwa m'madzi a phulusa lambiri iyeyu amakana kumata pakhoma.

Vuto lina lobisika ndi njira zachidule. Mukathira madzi mwamphamvu kuchokera pamwamba amakumba dzenje, ndipo kuyambira tsiku limenelo onse amadutsa pamalo amodzi kapena m'mbali mwa ndowa. Makala a m'njira imeneyo amakhuta, ena onse ali osagwira ntchito. Chizindikiro chake ndi sefa imene mwadzidzidzi yayamba kutulutsa madzi mofulumira kuposa kale. Ikani mbale yobooledwa timabowo pamwamba kuti madzi azigwa mofatsa, ndipo makala azikhala omira nthawi zonse. Izi zimatheka mukakweza paipi yotulutsira madzi kuti pakamwa pake pakhale pamwamba pang'ono kuposa makala. Chotengera chachitali chopapatiza, monga paipi ya mainchi 4 yoimika, chimagwira bwino kuposa beseni lotambalala lokhala ndi makala ochuluka mofanana.

Dzinja ndi chilimwe

Sefa imene inatha miyezi m'chilimwe ingathe kukhuta m'milungu yochepa mvula ikayamba. Linthipe, Bua ndi Kaombe zikadzaza, madzi amabwera ndi matope komanso utoto wa masamba owola wa m'madambo. Matope amatseka makala kunja. Utoto uja ndi woipa koposa, chifukwa nawonso umamata pamakoma omwewo, ndipo ndi wochuluka kwambiri kuposa benzene amene mukusakayo, ndiye umalanda malo ndi kutseka makomo a timabowo. Madzi a dzinja ayambe adikha usiku, adutse pa miyala ing'onoing'ono ndi mchenga, makala akhale omaliza. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumachepetsako mphamvu ya makala pang'ono, koma si chifukwa chachikulu. Kungoika sefa pamthunzi n'kokwanira.

Makala akakhuta

Mbali iyi ndi imene ndimafuna aliyense wogulitsa madzi kapena woyendetsa malo ogona alendo aimvetse. Mankhwala a banja la benzene lija sayamba kudutsa m'sefa nthawi imodzi. Amene amasungunuka kwambiri m'madzi ndi amene makala amamugwira mofooka. Benzene amasungunuka pafupifupi magalamu 1.8 pa lita, toluene pafupifupi theka la galamu, xylene osakwana gawo 1 pa magawo 5 a galamu. Choncho woyamba kubowola sefa ndi benzene, ndipo toluene ndi xylene akamabwera pambuyo amamukankha pamalo amene anamata. Tsoka lake, benzene ndiye woopsa kuposa onse, amayambitsa khansa ya m'magazi munthu akamamulandira kwa zaka. Malire a WHO pa toluene ndi mamaikulogalamu 700 pa lita, pa xylene 500, pa benzene 10 okha. Toluene ndi xylene mphuno imatha kuwamva asanafike pamalire awo. Benzene mphuno imadzamumva atapitirira kale malire ake maulendo ambirimbiri. Tsiku limene mwamva fungo pakamwa pa sefa, benzene anayamba kale kudutsa.

N'chifukwa chake kudikira fungo si njira yosinthira makala. Ngati ulendo wapitawu fungo linabwerera patatha milungu 8, ulendo uno sinthani pa milungu 4 kapena isanakwane, ndipo lembani tsiku pa ndowa ndi penti. Njira yabwino koposa ndi kukhala ndi masefa 2 otsatizana, ndi kampopi pakati pawo. Muzinunkhiza madzi a pakampopi kapakatiko sabata iliyonse. Fungo likangomveka, chotsani makala a sefa yoyamba, yachiwiri ija ibwere kutsogolo, ya makala atsopano ikhale kumapeto. Motero nthawi zonse pamakhala makala amphamvu otchinga kumbuyo.

Makala okhuta sabwerera mwakale ndi dzuwa, madzi owira kapena mchere. Kufakitale amawabwezeretsa m'ng'anjo pa madigiri pafupifupi 800, ndipo ngakhale kumeneko ena amatha ndi moto. Pakhomo musawaphikire, musawotchere chambo kapena chimanga, musawataye m'nyanja kapena pafupi ndi chitsime. Akwirireni kutali ndi madzi, pamalo okwera.

Ngati gwero ndi chitsime kapena mjigo womwa anthu ambiri ndipo mafuta analowamo, sefa ya pakhomo ndi yongogwirizira. Dziwitsani ofesi ya zamadzi ya boma paboma la Salima kapena la Nkhotakota, ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Madzi oti akayezedwe, kaya ku Central Water Laboratory ku Lilongwe kaya ku Malawi Bureau of Standards, ali ndi katengedwe kake kosiyana ndi mabotolo onunkhiza aja. Botolo likhale la galasi, lidzaze mpaka pakamwa osasiya ngakhale kathovu kamodzi ka mpweya, litsekedwe zolimba, liyende mu kula bokosi ya ayezi, ndipo lifike tsiku lomwelo kapena mawa lake. Musananyamuke imbani foni, munene mwachindunji kuti mukufuna kuyeza benzene, toluene ndi xylene kapena phenol, chifukwa kuyeza kwa masiku onse kumayang'ana tizilombo ndi mchere basi, ndipo pepala lake lingathe kubwera loyera pamene petulo akadali m'madzimo.